Mainess ndi Rameni wa Moto

Panali munthu wina ku Kapichila, mayi wotchedwa Mainess, ndipo amene analipo akuti izi zinachitikadi. Mayiyu ndiye ankayambitsa nyimbo m'kwaya ya kutchalitchi kwawo. Mawu anali nawo ndithu, koma ankanyada nawo kwambiri. Mtsikana wina dzina lake Olipa ankadziwanso kuyimba, koma Mainess sankamulola kuyambitsa ngakhale nyimbo imodzi.

Loweruka lina kwayayo inapita ku boma ku Lundazi kukachita nawo mpikisano. Podikira nthawi yawo, analowa mu lesitilanti yatsopano pafupi ndi msika. Mwini wake, Luckson, anaphunzira kuphika ku Lusaka, ndipo ankagulitsa chakudya chachilendo chotchedwa rameni, chonga supageti mu msuzi wambiri, dzira pamwamba.

"Monile mose," anatero Luckson. "Rameni alipo wa mitundu iwili. Wina wa tsabola pang'ono, wina wa moto."

"Wa motoyo ndipatseni," anayankha Mainess.

"Amama, yambani mwalawa msuzi pa sipuni. Ameneyu ngakhale madilaivala a malole amamuthawa."

Mphunzitsi wa kwaya, a Eston, nawo analowererapo. "A Mainess, mawu anu tikuwafuna lelo. Mudzadye tikatha kuyimba."

Mainess anaseka. "Ine tsabola wa kambuzi ndimatafuna ngati nsawa. Ndiope msuzi?"

Mbale inabwera. Atangodya pang'ono, misozi inayamba kutsika, thukuta kamukamu. Anzake onse anali kumuyang'ana, ndiye kusiya anachita nako manyazi. Anadya mpaka kumwa msuzi wonse. Kenako anagugudiza madzi ozizira a mufiriji, a Eston akumuletsa.

Nthawi yawo itakwana, anafola kutsogolo mu holo yodzaza. Mainess anatsegula pakamwa, koma chinatuluka ndi chifuwa. Anayesanso, mawu atasasiratu. Nthawi yomweyo m'mimba munayamba kupota, ndipo anathamangira panja anthu akuona.

Miyezi yonse yokonzekera ija inali pafupi kupita pachabe. A Eston anatembenukira kwa Olipa.

"Mwana wanga, yambitsa."

"Ine, adada?"

"Iwe amene. Tiye."

Olipa anayamba, ndipo mawu anatuluka oyera. Pofika pakati pa nyimbo, amayi a makwaya ena anali ataimirira, nthungululu zili pakamwa. Kapichila inatenga chikho.

Mainess anamva zonsezo ali kuseri kwa holo, atakhala pa njerwa, atagwira pamimba. Anzake atatuluka ndi chikho, iye anadzuka, anamasula chitenje chake chapamwamba n'kuchiyala pansi kuti Olipa apondepo.

"Wayimba, mwana wakwithu," ananong'ona ndi timawu totsalato. "Lelo Kapichila yamveka."

Olipa anakana kupondapo. Anachitola, anachikutumula, n'kumuvekanso mayiyo. Lole yawo itafika kumudzi, anthu anali atadzaza kale pamsewu, akuitana dzina la Olipa.

Phunziro: Mwini chakudya akakuchenjeza, mvera, chifukwa amachidziwa ndi iyeyo. Kunyada kungakulande tsiku limene unalikonzekera kwa nthawi yaitali, ndipo mphatso si yako wekha, choncho upatseko mpata anzako. Tumizani nkhaniyi kwa abale ndi a kwaya yanu, wina ingamuthandize.