Ndevu za a Delmar

A Delmar ankakwera chitunda cha m'paki ndevu zili patsogolo, eni ake pambuyo. Zinali zotuwa, zofika pachifuwa, ndipo m'mawa umenewo zinali zitakola kale katsamba ndi nyenyeswa za donasi. Mnzawo wakalekale, a Lyle, ankawatsatira ndi chikwama cha zimbale zapulasitiki za masewera awo oponya m'madengu okhala ndi maunyolo, mtima uli m'mwamba.

Ndevuzo zinali za lumbiro. Mwana wawo Maren akadali pasukulu, a Delmar analumbira pamaso pa anzawo kuti lumo silidzakhudza chibwano chawo mpaka tsiku limene adzaponye chimbale kamodzi kokha n'kukalowa m'dengu. Anzawo onse zinawachitikira, ena mwangozi. Iwo ayi. Zimbale zawo zinkakonda mitengo, ndipo panalibe mtengo m'pakimo umene sizinaupatseko moni.

Tsopano ukwati wa Maren unali Loweruka, ndipo iye ananenetsa kuti salowa m'tchalitchi atagwirana mkono ndi tchire. Bambo ake anati lumbiro ndi lumbiro. Makani anachita kutengerana anthu awiriwa, moti anasiya kulankhulana, ndipo kunayamba kumveka zoti mkwatibwi amuperekeza ndi amalume ake. Zimenezi zinkawapweteka a Delmar, koma akanalolera kumeza chimbale kusiyana n'kuvomera.

Nzeru anabwera nayo ndi Maren. Dengu lachisanu ndi chiwiri silioneka munthu akaima poponyera. Lili kuseri kwa chitunda, kumunsi pakati pa mitengo ya paini, ndipo umangoponya n'kutchera khutu kuti umve ngati maunyolo ake alira. Maren anauza a Lyle kuti iye akabisala kumeneko, n'kutola chimbale pomwe chagwera, n'kuchiponya m'maunyolo, kenako n'kulowa m'tchire. Ntchito ya a Lyle inali kukhala mboni, chifukwa pamasewerawa amene waona amasaina pachimbalecho, ndipo popanda mboni nkhani yako ndi nthano chabe. Vuto linali lakuti a Lyle ndi mkulu wa mpingo, munthu amene amadziwerengera yekha chilango akalakwitsa pamasewera ngakhale palibe wamuona. Anavomera chifukwa chomumvera chisoni mwanayo, koma chakudya sichinawalowe kuyambira pamenepo.

Atafika poponyera, a Delmar anasankha chimbale chawo chofiira, napukuta manja m'ndevu monga mwa chizolowezi, n'kuponya. Kuponya kwake kunali kwa masiku onse. Chimbalecho chinapita chopendekeka, chinakhula nthambi, n'kuzimiririka kuseri kwa chitunda.

Nthawi yomweyo maunyolo analira.

A Lyle anatsinzina. Mwana uyu wapupuluma, anatero mumtima, bwenzi atadikirako pang'ono kuti bodza lioneke ngati zoona. Koma a Delmar sanaganize zonsezo. Anatsetsereka chitundacho ngati mnyamata, mawondo aja amadandaula nawo tsiku lililonse ataiwalika. Chimbale chofiira chinali phee m'dengu.

Sanakuwe. Anachitola, nachiyang'ana mbali zonse, misozi n'kuyamba kulowerera m'ndevu. Anati akangochoka pano apita kwa wometa, kenako kwa mwana wawo, akamuonetse chibwano chimene sanachione chikulire. Kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa cholembera. Anali atayenda nacho zaka zonsezo, china chikauma n'kugula china.

“Saina, amwene,” anatero. “Palibe wina amene ndikanafuna kuti aone zimenezi koma iwe.”

Mawu amenewo ndi amene anawamaliza a Lyle. Anagwira cholembera, koma sanasaine. Kunamiza mdani n'kosavuta, koma munthu amene akukulirira pamaso ndi chimwemwe ndi nkhani ina. Anachita manyazi kwambiri, ndipo anaulula zonse: za kubisala kwa Maren, za kutola chimbale, za kuponya m'maunyolo, ndi zoti iwo anavomera kuikira umboni wabodza.

A Delmar anamvetsera mpaka kumapeto. Anatenga cholembera chawo, nachitseka bwinobwino, n'kuchibwezera m'thumba. Misozi inali itauma.

“Ndiye mwandiona ngati mwana wopusitsa ndi switi,” anatero motsitsa mawu. “Chabwino. Ndevu zikhala. Amalume akewo akonzeke.”

A Lyle anayesa kuchonderera kuti mwanayo wachita zimenezi chifukwa chofuna bambo ake pambali pake, osati mwachipongwe. Sizinamveke. A Delmar anatembenukira kutchire n'kuitana Maren kuti atuluke, popeza sewero latha ndipo wasewera bwino. Tchire linangoti zii. Anaitananso, a Lyle nawo n'kuthandizira, kumuuza kuti asaope, zonse zaululika. Munatuluka gologolo yekha.

Akuti azibwerera, anamva munthu akuthyola timitengo mbali ina, kunjira yochokera kumtsinje. Anali Maren, tsitsi lili nyankhalala, nsapato zili matope okhaokha, akukanda miyendo. Bambo ake, amene anali kuseri kwa mtengo wa paini, sanawaone.

“Ankolo Lyle, pepani, madengu anuwa ndi ofanana onse,” anatero akupuma mwabefu. “Ndakhala ndikudikira pa lakumtsinje lija mpaka udzudzu wandimaliza. Lachisanu ndi chiwiri ndi limeneli? Adadi aponya kale, kapena ndibisale?”