Dzino la Waziri ndi Makina Awiri

Chibakera cha Macfussy chinatera pakamwa pa Waziri, dzino n'kuthothoka.

"Tabwerezanso! Ukuti HD DVD yanga yafa?"

"Yafa, wallah!" anatero Waziri uku akulavula magazi. "Makampani a mafilimu onse athawira ku Blu-ray ngati yangayi. Ku Ndirande uzikaonetsa chiyani?"

Awiriwa anali alonda pa hotela ina ku West Bay, m'dziko lakunja komwe anapita kukagwira ntchito, ndipo ankagona chipinda chimodzi. Macfussy anagula makina ake oonetsera mafilimuwo kuti akatsegulire vidiyo sho kwawo ku Ndirande, choncho mawuwo anamulasa mumtima. Ananyamula Blu-ray ya mnzakeyo n'kumutema nayo pamphumi. Waziri anagwa chagada, koma anadzuka ndi mpando wachitsulo n'kumuthyola nawo mkono.

Supavaiza atafika sanafunse zambiri. "Khalas, ntchito yatha! Nonse mukwera ndege Lachisanu kubwerera kwanu."

Akulongedza katundu ndi dzanja limodzi, Macfussy anaona a Jamilu, dalaivala wachikulire wa chipinda choyandikana, akusuzumira kuseri kwa TV yomwe awiriwo ankaonerapo mafilimu.

"Ana inu," anatero a Jamilu akupukusa mutu, "TV yachikale iyi sionetsa HD, zithunzi zowala bwino zimene mukumenyeranazo. Miyezi yonseyi makina anu awiriwa akhala akutulutsa zithunzi zofanana."