Gofu M'munda wa Chimanga

"Mwaphonyanso!" anatero Tryphena, dothi likuuluka, kampira kali phee.

Haswell anamufulatira mkazi wakeyo n'kukonzekera kumenyanso. Chilandirireni ndodo ya gofu kwa mwana wawo Darius wa ku Lusaka, mtima sunkakhala m'malo. Darius analonjeza kudzamutenga kuti akasewere ku Harare, kumabwalo a udzu wofewa ngati bulangeti. M'mawa uliwonse Haswell ankayeserera m'munda, maso ali kumsewu wa ku Chipata.

"Nanga ukunditsatiranji pambuyo ndi kathumba kako?"

"Ndikungoonera, atate ake Darius. Menyani ndithu."

Mvula inagwa, Darius osaoneka. Posakhalitsa, paliponse pamene ndodo ija inakumba panamera chimanga.

"Ku Harare kukachedwa," anatero Tryphena, "munda wa nshawa nawonso ukufuna gofu."