Chitseko cha Mayi

"Tsika, iwe," anatero mtsikanayo, akukoka chingwe cha galu pakhomo pa nyumba ya alendo.

Galu anangoti gwa pampando wakumbuyo wa galimoto, maso ali pampando wakutsogolo wopanda munthu. Unali ulendo wawo woyamba wokapuma chimwalirireni mayi ake a mtsikanayo, ndipo njira yonse galuyo anakana kutsika ngakhale kukamwa madzi.

"Bambo, kapena wadwala? Lamba ndamumasula, zenera linali lotsekula pang'ono monga ananenera adokotala a ziweto."

Bambowo anapukusa mutu. Anakumbukira tsiku lomwe galuyu, adakali kamwana, analumpha m'galimoto n'kutsala pang'ono kupondedwa ndi lole. Kuyambira pamenepo akazi awo anamuphunzitsa lamulo limodzi: asamatsike mayiwo asanatsike.

"Musiye, mwanangu."

Anazungulira galimoto, natsekula chitseko chakutsogolo, n'kuima pambali monga ankachitira zaka zonsezo. Anadikira nthawi yokwanira munthu kutola kachikwama ndi kutsitsa miyendo. Kenako anatseka.

Galu anatsika akugwedeza mchira, n'kuyamba kuyenda pambali pa bambowo, atasiya mpata wa munthu mmodzi pakati pawo.