Netiweki Inalowa Makina Ali Chiyakire

Kwathu kuno, nyumba imene yazimitsa makina ake oyendetsa pakhomo imatsekeredwa madzi apampopi mpaka dzinja. Tsoka ilo, luso langa lonse pa makina ndi limodzi basi: kuzimitsa n'kuyatsanso.

Tsiku limene mwana wathu Tiyanjane anachira ku Mzuzu, makina athu analibe netiweki yoti tionere khandalo. Ndinalunjikitsa chala pabatani lozimitsira, koma mkazi wanga Nachisale anandigwira dzanja.

"Bambo a Tiya, mukazimitsa, kudambo muzikatunga ndinu."

"Nanga netiweki ilowa bwanji, mayi?"

"Afunseni eni akewo."

Makinawo anayankha mwaulemu kuti kagawo ka netiweki kamatha kulowa mumtima mwawo iwo ali chiyakire, ine ndingolamula.

Ndinavula jekete, ndinapirikitsa nkhuku, ndinauza Nachisale akhale chete ngati ndikuchita opaleshoni. Kenako ndinalamula kuti netiweki ilowe. Ndisanapukute n'komwe thukuta, zinali zitatheka, madzi akutulukabe pampopi.

Tiyanjane anaonekera pagalasi la makinawo, khanda lili m'manja. Ndinasendera pafupi, misozi ili chuchuchu.

"Ababa, tabwererani m'mbuyo pang'ono," anatero akuseka. "Mdzukulu wanu akungoona mphuno zokhazokha."