Mlatho Wafika, Mtsinje Wachoka

"Bwana, mlatho wafika, koma mtsinje wachokapo," anatero kapitawo, chipewa chili m'manja.

Injiniya anayang'ana malole asanu odzaza zitsulo, kenako mchenga wouma. Mlathowo anauitanitsa kunja zaka zinayi zapitazo. Uli padoko kudikira mapepala, madzi osefukira anapatutsa mtsinje, ndipo tsopano unkadutsa kuseri kwa sukulu.

"Tikauike kumene kuli madziko?" anafunsa kapitawo.

"Mukufuna andichotse ntchito, akapitawo? Kalata ya ogulitsa ikuti tikausuntha kuchoka pamalo amene tinayeza, ukagwa iwo sizikuwakhudza. Mangani pompano."

Anamangadi. Tsiku lotsegulira, mlendo wolemekezeka anawoloka mtsinje ataberekedwa ndi kapitawo, nsapato atazikoleka m'khosi. Atadula riboni anasuzumira pansi pa mlatho, pamene mbuzi zinagona pamthunzi.

"Bambo injiniya," anatero mlendoyo akumugwira dzanja, "milatho ndatsegulapo yambiri, koma yonse inapita ndi madzi. Inu nokha ndi amene mwaganiza bwino. Tiitanitse ina itatu."