Kupuma kwa mu Sipika

"Zimitsani, ayambanso," anatero mayi wina akubwerera chafutambuyo mpaka pakhomo la shopu.

Wokonza makompyuta anatsitsa nyimbo imene inkamveka pakompyuta ya mayiyo. "Ayambanso ndani, mayi?"

"Malemu amuna anga. Ndikangoika nyimbo zawo za kwaya pakompyutapo n'kumaimba nawo, akumabwera m'sipikamo n'kumapuma mokoka, ngati mmene ankachitira chifuwa chitawagwira. Munthu anandizunza ali moyo, ndinamusamala mpaka kumuika. Akufunanso chiyani?"

Wokonzayo sanaseke. Anamasula sipika napeza pepala lake litang'ambika. Anaikamo lina, anasintha chingwe, n'kutsitsa mabesi, mawu ogunda aja, amene malemuwo anawakweza mpaka kumapeto.

Nyimbo inatuluka bwinobwino, liwu lililonse likumveka palokha. Mayiyo anasendera pafupi n'kuyamba kuimba chapansipansi. Mwadzidzidzi anam'gwira wokonzayo pamkono.

"Mukuwamva? Akadalimo."

Wokonzayo anazimitsa kompyuta, anazula ndi sipika yomwe. M'shopumo munati zii. Koma kupuma kuja sikunasiye: kukoka, kulira ngati kamluzu, kukokanso.

Wokonzayo anatchera khutu, anayang'ana pachifuwa pa mayiyo, kenaka anachotsa mkono wake pang'onopang'ono.

"Mayi, munayamba liti kutsokomola?"